Alonda a M'kati mwa Batire

M'nyumba, m'masitolo ndi m'zipatala zimene zili ndi magetsi a dzuwa, pakhoma pamakhala bokosi lachitsulo lolemera pafupifupi ngati thumba la chimanga. Masana limalandira magetsi ochokera ku sola, usiku n'kumayatsa mababu ndi kuyendetsa firiji. Anthu amalitchula kuti batire, ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Koma mmisiri akalitsegula amapezamo timabatire tambiri tofanana, toimikidwa pamzere ngati ana asukulu m'mamawa. Kabatire kalikonse dzina lake ndi selo. Pafupi ndi maselowo pamakhala kathabwa kobiriwira kodzaza ndi tizipangizo ting'onoting'ono, ndipo kuchokera pa kathabwako timawaya topyapyala timapita ku selo lililonse.

Kathabwa kameneka sikasunga magetsi ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi ulonda. Amisiri amakatchula ndi zilembo zitatu za Chingerezi, BMS, zimene zimatanthauza dongosolo loyang'anira batire. Dzina loti mlonda limakayenera bwino, pakuti kamakhala tcheru usana ndi usiku.

Chimene mlonda amaopa

Maselo amenewa amapangidwa ndi lithiyamu, chitsulo chopepuka kuposa zitsulo zonse. Miyala yake imakumbidwanso m'Zimbabwe, ku Bikita ndi ku Goromonzi, ndipo yambiri imapita ku China kumene kuli mafakitale aakulu a maselo.

Mphamvu imene batire limakankhira magetsi m'waya imayezedwa m'mavoliti. Batire la m'tochi lili ndi mavoliti 1.5. Selo limodzi la mtundu umene umaikidwa m'mabatire ambiri a sola lili ndi mavoliti 3.2. Amenewa ndi ochepa, sangayendetse nyumba. N'chifukwa chake opanga amalumikiza maselo 16 mondondozana, mutu wa lina kumchira kwa linzake, monga momwe mabatire amalowera m'tochi. Akatero mavoliti amaphatikizana: 3.2 kuchulukitsa ndi 16 ndi 51.2.

Magetsi amene alowa m'selo loyamba ndi omwewo amene amadutsa mu lachiwiri mpaka lomaliza. Vuto n'lakuti maselo safanana ndendende, ngakhale atapangidwa tsiku limodzi m'fakitale imodzi. Ali ngati ndowa 16 zothiridwa madzi ofanana pa nthawi imodzi, koma ina mwa izo ili yocheperako. Yocheperayo imasefukira zinzake zisanadzaze, ndipo potunga madziwo ndi yomweyo imene imayamba kuuma.

Madzi akasefukira amangonyowetsa pansi. Selo likapyola malire ake, nkhani imakhala ina. La mavoliti 3.2 lija siliyenera kupitirira 3.65 potchaja, kapena kutsika kupyola 2.5 pogwira ntchito. Maselo a m'magalimoto ambiri amagetsi ndi a mtundu wina, umene umadzaza pa mavoliti 4.2, ndipo amenewo ndiwo amakwiya msanga. Selo likatchajidwa mopyola muyeso limatupa ndi kutentha, ndipo mankhwala a m'kati mwake amayamba kuwonongeka. Kuwonongekako kumabala kutentha kwina, kutenthako n'kufulumizitsanso kuwonongeka, mpaka selo limafuka utsi kapena kuyaka. Likayaka limatenthetsa loyandikana nalo, nalonso n'kuyatsa linzake, ngati moto wa m'tchire m'mwezi wa Okutobala. Nako kuzizira kuli ndi vuto lake, pakuti selo lotchajidwa pamene madzi akuundana limawonongeka m'kati mwakachetechete.

Wina angafunse kuti, bwanji osangoyeza batire lonse pamodzi? Masamu ndiwo amayankha. Ngati maselo 15 ali pa mavoliti 3.4 lililonse, pamodzi ndi 51. Ngati lotsalalo lathamanga n'kufika pa 4, onse pamodzi ndi 55. Koma malire a batire lonse ndi 3.65 kuchulukitsa ndi 16, kumene ndi 58.4. Woyeza batire lonse aona 55 n'kunena kuti malo akadalipo, kutchaja kupitirire, chonsecho selo limodzi lili kale pangozi. Chiwerengero cha onse pamodzi chimabisa wodwala mmodzi.

Kuopsa kwa selo limodzi kunaoneka poyera mu 2013. Pa 7 Januwale chaka chimenecho, batire la m'ndege ya mtundu wa Boeing 787 linapsa ndegeyo itaima pabwalo la ndege ku Boston, ku America. Pa 16 Januwale ndege ina ya mtundu womwewo inatera mwadzidzidzi ku Takamatsu, ku Japan, batire lake litawonongekanso ndi kutentha. Palibe amene anamwalira, koma ndege zonse za mtunduwo zinaletsedwa kuuluka kwa miyezi itatu. Batirelo linali la maselo asanu ndi atatu okha. Ofufuza za ngozi ya ku Boston anapeza kuti vuto linayambira m'kati mwa selo limodzi, kenaka kutentha n'kufalikira kwa enawo. Akuluakulu sananame ponena kuti nsomba ikawola imodzi, zawola zonse. Ngoziyi inaonetsanso pamene mphamvu za mlonda zimathera: selo likaduka m'kati mwake, kuzimitsa swichi sikungaliziziritse. Opanga ndegeyo anachita kuika zotchinga pakati pa maselo ndi kutsekera batire lonse m'bokosi lachitsulo lokhala ndi paipi yotayira utsi kunja.

Mlonda amayeza zinthu zitatu. Amayeza mavoliti a selo lililonse palokha, ndipo alonda abwino saphonya kuposa magawo awiri kapena atatu mwa magawo 1,000 a voliti imodzi. Amayeza kutentha ndi timikanda tomatidwa pa maselo. Amayezanso magetsi olowa ndi otuluka, n'kumawalemba monga wa sitolo amalembera katundu wobwera ndi wogulidwa. Kaundula ameneyu ndiye amathandiza kudziwa kuti batire lili pa 80 peresenti kapena pa 20. Akaona selo limene ladzaza msanga, amalichotsera magetsi pang'ono podutsitsa pa kachipangizo kamene kamawasandutsa kutentha, kuti anzake alipeze. Zinthu zikafika poipa, amadula magetsi onse.

Mlonda mmodzi akachepa

Maselo 16 m'bokosi limodzi mlonda mmodzi amawakwanitsa. Batire la galimoto yamagetsi ndi mudzi wathunthu. Mu 2012 kampani ya Tesla ya ku America inayamba kugulitsa galimoto yotchedwa Model S. Batire lalikulu la galimotoyo linali ndi maselo 7,104, lililonse lalitali mamilimita 65, ngati chala cha munthu wamkulu. Maselo 74 ankalumikizidwa mitu pamodzi ndi michira pamodzi, kuti akhale ngati ndowa imodzi yaikulu. Magulu asanu ndi limodzi otere ankapanga mtolo umodzi wa maselo 444, ndipo mitoloyo inalipo 16. Choncho magulu ondondozana analipo 96, ndipo batire likadzaza linkafika pafupifupi mavoliti 400. Magetsi a m'nyumba, amene amatha kupha munthu, amakhala pafupifupi 230.

Mlonda mmodzi akanati ayang'anire zonsezi, pakanafunika mawaya 97 oyezera mavoliti, kuwonjezapo a kutentha, onse oyenda mtunda pansi pa galimoto kukakumana pamalo amodzi. Galimoto imagwedezeka m'misewu ya mabampu. Waya wogwedezeka amakhuzika, ndipo mawaya awiri okhuzika akakhudzana amathetheka moto. Chotero opanga anagawa ntchito. Mtolo uliwonse anaupatsa mlonda wake wamng'ono, wokhala pamtolo pomwepo, wa timawaya tifupitifupi. Pamwamba pa alonda 16 amenewo anaikapo kompyuta imodzi yowatsogolera, imene m'nkhani ino itchedwa kapitawo.

Amene anakulira pa famu ya fodya amalidziwa dongosolo lotere. Nthawi youmitsa fodya, balani iliyonse imakhala ndi munthu wake wosonkha moto ndi kuwerenga kutentha usiku wonse. Kapitawo sangakhale pa mabalani onse nthawi imodzi. Amalandira mawu kuchokera kwa aliyense, ndipo ndiye amene amalamula kuti moto ukwere kapena utsike. M'batire zilinso chimodzimodzi. Alonda aang'ono amayeza ndi kulinganiza maselo awo. Kapitawo amasonkhanitsa manambala onse, amawerengera mphamvu imene yatsala, amauza chotchajira kuti chichepetse magetsi, amauza injini yamagetsi malire ake, ndipo ndiye agwira maswichi aakulu.

Kugawa ntchito kotere kunachotsa vuto la mawaya, koma kunabweretsa lina. Kapitawo saona selo ndi limodzi lomwe ndi maso ake. Zonse zimene amadziwa n'zongouzidwa. Uthenga ukasokonekera panjira, ukachedwa kapena ukapanda kufika, iye akhoza kupitiriza kutchaja selo limene likupsa, ali ndi mtima pansi. Nzeru zambiri za amisiri a mabatire zathera pa funso limeneli: kodi mawu ongouzidwa angadaliridwe bwanji?

Njira ya uthenga

Chovuta choyamba ndi kusiyana kwa mavoliti. Mitolo yondondozana ili ngati makwerero. Mlonda woyamba ali pansi, wachiwiri ali pamwamba pake, ndipo womaliza ali pamwamba penipeni, pafupi ndi mavoliti 400. Kapitawo amagwira ntchito ndi mavoliti 12 okha, ndipo ndi wolumikizika ku chitsulo cha galimoto chimene anthu amagwira. Waya wamba wochokera kwa mlonda wapamwamba kupita kwa kapitawo akhoza kumuwotcha nthawi yomweyo, n'kuikanso anthu pangozi. Uthenga uyenera kuwoloka, koma magetsi akuluwo asawoloke. Njira imodzi ndi ya timakoyilo tiwiri ta waya toyandikana koma tosakhudzana. Magetsi akagunda mu kena, mphamvu ya maginito imadzutsa kugunda kofanana mu kenako. Njira ina ndi ya kuwala: mbali ino kababu kamaphethira, mbali inayo kadiso kamaona. Zili ngati anthu awiri amene alekanitsidwa ndi mtsinje wodzaza. Palibe angawoloke, koma ng'oma ikalira tsidya lino, wa tsidya lija amamva.

Kuti mawaya achepe, alonda ambiri amalumikizidwa ngati unyolo. Kapitawo amafunsa woyamba, woyamba amapatsira wachiwiri, mpaka funso lifike kwa womaliza, ndipo mayankho amabwera mopatsirana ngati njerwa pomanga nyumba. Unyolo uli ndi chilema chodziwika: ukaduka pakati, onse a kutsogolo kwa podukapo amasowa. Opanga ena amathetsa zimenezi potenga mapeto a unyolowo n'kuwabwezera kwa kapitawo, kuti ukhale wozungulira ngati mkanda wa m'khosi. Waya akaduka pakati pa mlonda wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, kapitawo amafunsa asanu oyamba kudzera mbali ino, otsalawo kudzera mbali inayo. Palibe amene wasowa, ndipo kapitawo wadziwiratu malo amene mmisiri akakonze.

Chovuta chachiwiri ndi phokoso. Ili si phokoso lomveka m'makutu, koma la magetsi, longa limene limachititsa wailesi kuthetheka mphezi ikang'anima. Injini yamagetsi imayatsa ndi kuzimitsa magetsi amphamvu kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo waya aliyense wodutsa pafupi amatola phokosolo. Uthenga wa makompyuta umapangidwa ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1. Phokoso likhoza kusandutsa 0 kukhala 1, ndipo nambala yonse n'kusintha.

Mankhwala ake ndi mawaya awiri opotedwa pamodzi ngati chingwe cha khonje. Chitsanzo chabwino ndi njira yotchedwa CAN, imene kapitawo amalankhulirana ndi makompyuta ena a m'galimoto. Njirayi inakonzedwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, inaonetsedwa poyera mu 1986, ndipo inayamba kuikidwa m'magalimoto a Mercedes-Benz mu 1991. Pofuna kutumiza 1, mawaya onse awiri amakhala pa mavoliti 2.5, osasiyana konse. Pofuna kutumiza 0, wina amakwera kufika 3.5, mnzake n'kutsika kufika 1.5, kusiyana kwake kukhala 2. Wolandira sayang'ana waya mmodzi payekha. Amangofunsa kuti, kodi awiriwa akusiyana bwanji? Popeza mawayawo ndi opotana, phokoso limawagwera onse mofanana. Likawonjezera voliti imodzi, wina amakhala 4.5, mnzake 2.5. Kusiyana kukadali 2, ndipo uthenga wapulumuka.

Komabe phokoso lina limalowerera ndithu. Ndiye pamafunika njira yodziwira uthenga wovulala. Taganizani za mlonda amene akutumiza manambala anayi awa: 33, 32, 33 ndi 34. Asanatumize amawaphatikiza n'kupeza 132, ndipo amaika 132 kumapeto ngati chidindo. Kapitawo akalandira amaphatikizanso yekha. Ngati phokoso lasandutsa 32 kukhala 37, iye apeza 137, aona kuti sizikugwirizana ndi chidindo, ataya uthenga wonse n'kufunsanso. Sayesa kulotera kuti nambala yolakwika ndi iti. Mwana wochenjera pa masamu aona msanga kuti kuphatikiza kokha kukhoza kunyengedwa. Nambala ina ikakwera ndi 1, ina n'kutsika ndi 1, yankho likhalabe 132. N'chifukwa chake makompyuta enieni amagwiritsa ntchito samu yofanana ndi yogawa. Amatenga uthenga wonse ngati nambala imodzi yaitali, amaigawa ndi nambala imene anagwirizana kale, ndipo chotsala ndicho chimakhala chidindo. Samu imeneyi imatchedwa CRC, ndipo ndi yovuta kwambiri kuinyenga.

Pali bodza lina lobisika kuposa limeneli. Kompyuta ya mlonda ikhoza kuuma mutu n'kumangotumiza uthenga umodzimodzi mobwerezabwereza. Manambala ake ndi abwino, chidindo chake n'cholondola, koma ndi nkhani ya kale. Ili ngati wotchi yoima imene ikusonyezabe 7 koloko dzuwa lili paliwombo. Pofuna kugwira bodza lotere, uthenga uliwonse umapatsidwa nambala yake yowerengera: uwu 1, wotsatira 2, winawo 3. Kapitawo akaona nambala imodzi ikubwera kawiri kapena katatu, amadziwa kuti akumva mawu akale. Akaona 5 kenaka 8, amadziwa kuti awiri atayika panjira. Ndiponso ali ndi choyezera chakechake cha batire lonse. Amaphatikiza manambala a alonda onse n'kuyerekeza ndi chimene wayeza yekha. Zikasiyana, pali wina amene akunama.

Pa njira ya CAN makompyuta ambiri amagwiritsa ntchito mawaya awiri omwewo, monga anthu ambiri pabwalo limodzi la milandu. Nanga awiri akayamba kulankhula nthawi imodzi? Uthenga uliwonse umayamba ndi nambala yosonyeza kufunika kwake, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yolemekezeka. Aliyense akamalankhula amamvetseranso. Akangomva kuti mnzake wayamba ndi nambala yocheperapo, amakhala chete nthawi yomweyo n'kudikira, ndipo uthenga wopambanawo umapitirira wosavulala. Chokoma pa lamulo limeneli n'chakuti ulemu umapita ku uthenga, osati kwa woulankhula. Ngakhale pabwalo, mwana akafuula kuti "Moto!" nduna imene inali pakati pa mawu imayamba yaima.

Omwe anakonza CAN anaganiziranso za wolongolola. Kompyuta yowonongeka ikhoza kudzaza mawaya ndi mawu opanda pake mpaka anzake kusowa mpata. Choncho iliyonse imasunga kaundula wa zolakwa zake. Ikatumiza uthenga wolakwika imadzilembera 8, ikatumiza wabwino imachotsapo 1. Chiwerengerocho chikapyola 255, imadzichotsa yokha pabwalo n'kukhala duu, kuti ena alankhule. Palibe amaithamangitsa. Ndi mwambo umene ngakhale anthu amauvutikira.

Chete nayenso ndi uthenga

Kapitawo amafunsa alonda ake kambiri pa sekondi imodzi, ndipo aliyense ali ndi nthawi yake yoyankhira. Pakati pa anthu, kusamva kanthu nthawi zambiri kumatengedwa ngati mtendere. M'batire lamulo ndi losiyana. Mlonda amene sanayankhe akhoza kukhala kuti waya wake wamasuka chabe, koma akhozanso kukhala kuti wapsa pamodzi ndi mtolo wake. Kapitawo sangasiyanitse ziwirizi, choncho amakonzekera choipacho.

Sikuti amadula magetsi pa kuphonya koyamba. Galimoto ikhoza kukhala ili pa liwiro pakati pa malole, ndipo kuizimitsa mwadzidzidzi ndi ngozi inanso. Yankho limodzi likasowa amafunsanso. Chete akapitirira, amayatsa nyali yochenjeza woyendetsa, amakana kutchaja, ndipo amachepetsa mphamvu kuti woyendetsayo apeze poima. Pamapeto pake ndi pamene amatsekula maswichi aakulu n'kulekanitsa batire ndi galimoto. Kusankha kutalika kwa nthawi yodikira ndi ntchito yovuta. Ikafupika kwambiri, galimoto izingoima popanda chifukwa, anthu n'kutopa nayo. Ikatalika kwambiri, chenjezo lifika moto utayaka kale.

Nanga kapitawo mwini wake akakomoka, amamulondera ndani? Pambali pake pamakhala kachipangizo kena kosavuta, kamene amisiri amakayerekeza ndi galu wolondera. Kapitawo ayenera kumakagwedeza pafupipafupi posonyeza kuti ali maso. Akachedwa, kachipangizoko kamamudzutsa pomuzimitsa ndi kumuyatsanso, kapena kamadula magetsi opita ku maswichi. Maswichi akuluwo nawonso anapangidwa mwanzeru. M'kati mwake muli sipuling'i imene nthawi zonse imafuna kuwatsekula. Chimene chimawagwira kuti akhale olumikiza ndi maginito amene amafuna magetsi ochokera kwa kapitawo. Kapitawo akafa, kapena waya wake akaduka, maginitowo amafooka, sipuling'i n'kutsekula swichi yokha. Palibe lamulo limene liyenera kutumizidwa. Kusowa kwa lamulo ndiko kumadula magetsi.

Mabatire a sola nawo amalankhula. Nyumba ikakhala ndi mabokosi atatu kapena anayi, amalumikizidwa ndi kachingwe kooneka ngati ka intaneti, ndipo lililonse limapatsidwa nambala yake, kawirikawiri ndi timaswichi ting'onoting'ono ta kutsogolo kwake. Limodzi limakhala mtsogoleri, ndipo ndilo limauza inveta, makina amene amatchaja mabatire ndi kusandutsa magetsi ake kukhala a m'nyumba, kuti ichepetse kapena ileke kutchaja. Kachingwe kameneka kamaoneka kopanda ntchito chifukwa n'kopyapyala, koma si kosewera nako. Ndipo si batire lililonse limene limamvana ndi inveta iliyonse. Mawaya akhoza kukhala omwewo, koma kampani iliyonse ili ndi kandandalikidwe kake ka mawu, monga anthu awiri olemba ndi zilembo zofanana, wina Chichewa, wina Chishona.

Opanga ena afika pochotseratu mawaya a uthenga. Mu 2020 kampani ya General Motors inalengeza kuti alonda a m'mabatire ake atsopano azilankhula ndi kapitawo pa wailesi, ndipo galimoto yotchedwa Hummer EV inatuluka ndi dongosolo limeneli. Waya amene kulibe sangakhuzike kapena kumasuka. Koma m'bokosi lodzaza zitsulo mafunde a wailesi amagunda uku ndi uku, ndipo ena amazimirira. Choncho timawailesito timasinthasintha siteshoni mofulumira, ndipo uthenga umene walephera kudutsa njira ina umadzera kwa mlonda woyandikana naye. Malamulo akale aja sanasinthe: chidindo chikadalipo, nambala yowerengera ikadalipo, ndipo wosayankha amawerengedwabe ngati ali pangozi.

Nthawi yovuta kuilondera ndi ya usiku, galimoto itaimikidwa ndipo mwini wake wagona. Kapitawo sangakhale maso mpaka m'mawa tsiku lililonse, chifukwa amadya magetsi a batire laling'ono la mavoliti 12, ndipo galimoto itakhala milungu ingapo osayenda batirelo likhoza kutheratu. Komatu selo lodwala likhoza kuyamba kutentha pakati pa usiku. M'mabatire ena atsopano kapitawo amagona, koma alonda aang'ono amagona mwa apo ndi apo. Pakapita kanthawi aliyense amadzidzimuka, amayeza maselo ake, ndipo akapeza kuti ali bwino amapatsira mnzake kachizindikiro kakang'ono, konga kugunda kwa mtima. Kachizindikiroko kamayenda mu unyolo wonse mpaka kufika pa kachipangizo kamene kamakhala pakhomo pa kapitawo. Kakafika pa nthawi yake, kapitawo amasiyidwa agone. Kakabwera ndi chenjezo, kapena kakapanda kufika, kachipangizo ka pakhomo kaja kamamudzutsa, ndipo iye amayamba kufunsa alonda onse mmodzimmodzi, kuyambira woyamba.